Wenzulo wa Kachingwe

Kalekale, osati kale la makolo ayi, kale la dzana lomweli, m'katauni kena ka msewu umodzi munali mlonda wina dzina lake Kachingwe. Anthu ankamutcha polisi wa khonsolo. Ntchito yake inali kuthamangitsa ogulitsa malonda ndi akabaza pageti la msika. Khonsolo inkati onse alowe m'kati, pomwe m'katimo malo anatha kale. Ankagwira pa kontirakiti ya chaka chimodzi, yomwe makhansala ankaionjezera akakhala kuti akondwa naye.

Munthuyu kwawo kunali kutali, mkazi anamuthawa, ndipo m'tauni monse munalibe womupatsa moni. Akaimba wenzulo, anthu ankabalalika. Akapanda kuimba, ankabalalikabe. Masana ankadya chigumu chake kuseri kwa ofesi atayang'ana khoma. Inu mukuseka, koma zinali zomvetsa chisoni.

Chaka china makhansala anakangana za mipando, msonkhano osachitika, kontirakiti ya Kachingwe n'kutha. Iye sanasiye kubwera pageti, nanga kunyumba akanacheza ndi ndani? Tsiku lina dzuwa lili paliwombo anangoti khu pansi, kukomoka. Anthu anamuzungulira n'kumangomuyang'ana.

Woyamba kusuntha anali Msamala, wakabaza yemwe Kachingwe anamulandapo njinga sabata yathunthu. Anapempha chitenje, nam'mangirira kumsana kwake, n'kupalasa chitunda chonse cha kuchipatala. Panjira ankangoti, "Musafere panjinga panga, bwana. Lero simundilanda." Adokotala anati akanachedwa pang'ono, akanafika ndi maliro.

Kuchipatala namwino anafunsa kuti gadiyani wa wodwalayu ndani, womuphikira ndi kumuchapira. Amene anayankha ndi Nachisale, mayi wogulitsa matimati amene anatsatira chitenje chake chija. Kachingwe yemweyu anam'tayirapo beseni lonse m'ngalande. Mayiyu anati, "Lembani ine. Ndi achimwene anga." Anasiyira mnzake malonda, namaphika phala, kuchapa, kum'tembenuza pabedi. Anzake atamunena kuti wapenga, anawayankha kuti, "Wonditayira matimati uja anali chilili. Uyu wagona."

Makhansala atatopa ndi kukangana anakumana. Ambiri anafuna kupereka ntchitoyo kwa kampani ya anyamata oyenda ndi agalu. Khansala Mtambalika anaimirira yekha. "Munthu ali pabedi sachotsedwa ntchito. Akachira, pageti padzayera. Pakapanda kuyera, ine ndidzatula pansi udindo." Anzakewo anam'gwira mawu amenewo, ndipo kuyambira pamenepo kumsonkhano anayamba kudya yekha.

Kachingwe anachira. Atafika pamsika, wowonda ngati bango, Nachisale anamusendezera mpando pakati pa mabeseni. Akabaza anayamba kumuseka za momwe analendewerera pamsana pa Msamala, iyenso n'kuseka nawo. Mayi wina wogulitsa nthochi anam'funsa kuti waswera bwanji. Bambo wamkulu ndithu, funso laling'ono ngati limenelo linamugwetsa misozi. Masiku amenewo ndi okhawo amene anadya atayang'ana nkhope ya munthu.

Kenako Mtambalika anafika kunyumba kwa Kachingwe ndi yunifolomu yatsopano ndi wenzulo pamwamba pake. "Kontirakiti yatheka, bambo. Koma Lolemba pageti payere. Mukalephera, ine ndapita, ndipo kubwera anyamata a agalu aja. Amenewo sadziwa kuti Nachisale ndani."

Kachingwe anapita kukawauza anzake atsopanowo. Nachisale anangoti, "Achimwene, m'kati mulibe malo. Ana anga amadya za pageti pano." Msamala naye anati, "Okwera njinga amatulukira pomwe pano, bwana. Ndikaimire kumanda?"

Lolemba linafika. Kachingwe anavala yunifolomu ija, yomukulira chifukwa cha matenda, nakaima pageti. Tsidya la msewu, pakhonde la ofesi, Mtambalika anaima yekha manja ali kumbuyo. Msamala anatsamira njinga yake. Nachisale anamaliza kuunjika matimati, nakweza maso n'kuti, "Mwadzuka bwanji, achimwene?"

Kachingwe anagwira wenzulo.

Ine nkhaniyi ndayenda nayo zaka ndipo yandikanika, choncho musandiyang'ane ngati ndabisa yankho. Popanda Msamala, akanafera pageti. Popanda Nachisale, akanafa ndi njala pabedi. Popanda Mtambalika, akanachira n'kusowa kogwira. Akaimba wenzulo, ntchito ndi yake, khansala wapulumuka, agalu sabwera, koma iye abwerera kuseri kwa ofesi kukadya ndi khoma. Akapanda kuimba, wagwetsa munthu amene anam'menyera nkhondo yekha, ndipo mawa agalu adzachita zimene iye wakana lero.

Tsono inu mwakhala apa, amene mumati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndiuzeni: ndevu zapsa kwa onse atatu, madzi ndi a munthu mmodzi. Kachingwe aimbe wenzulo, kapena asaimbe?