Mayi Amene Anakana Kunong'ona

Pa mpingo wina panali mayi woyambitsa nyimbo. Pamaliro akangotsegula pakamwa, ngakhale amuna ouma mtima ankaweramitsa mitu. Mwini wake ankazidziwa zimenezi, mwinanso mopitirira muyeso.

Chaka china mawu ake anayamba kutsamwa. Akati akweze nyimbo, pakhosi pankafinyika ngati wina wamugwira. Anamwa mandimu, ananyambita uchi, koma ayi ndithu. Mwamuna wake, amenenso ankadwaladwala, anamuumiriza kupita kuchipatala chachikulu.

Dokotala atamuyeza anati, "Mayi, minofu ya pakhosi panu sinafooke. Ikumanga kwambiri. Tikubayani jakisoni wa kadontho ka poizoni kuti ifooke pang'ono. Kwa kanthawi muzingonong'ona, kenako mawu adzamasuka."

Poizoniyo sanamuopse. Chinamuopsa ndi kunong'onako. Anakumbukira mayi wina wachitsikana wa mawu okoma amene ankakhala kumbuyo kwake m'tchalitchi. Ndikangokhala chete ine, ameneyu satenga malo anga? Anauza dokotala kuti akaganize kaye, ndipo sanabwerereko.

Kunyumba mwamuna wake anamudandaulira. "Amayi, pitani akakubayeni. Ine sindipempha zambiri. Tsiku langa likadzafika, mudzandiperekeze ndi mawu anu."

"Musamalankhule zamalodza, bambo. Ndichira ndekha."

Anapitiriza kuwakakamiza mawu aja, ndipo akamakakamiza m'pamene khosi linkamangirako. Za kuchipatala ankangoti mwezi wamawa. Paja zengerezu adalinda kwawukwawu. Mvula isanagwe, bamboyo anatsikira kulichete.

Kwathu kuno namfedwa sayambitsa nyimbo, koma amayi a mpingo ankadziwa pempho la malemu. Bokosi likutuluka m'nyumba, onse anangoti zii, kumusiyira nyimbo yoyamba. Mayi uja anakoka mpweya, natsegula pakamwa. Panangotuluka kamawu kosasa, nkuduka. Anayesanso, osatheka. Onyamula bokosi anaima pakhomo, akudikira. Kenako mayi wachitsikana uja anaiyamba nyimboyo chapansipansi, misozi ili mbwembwembwe, ndipo maliro ananyamuka.

Atameta, namfedwayo anapita kuchipatala kuja. Anamubaya, ananong'ona masabata angapo, mawu nkubwerera monga ananenera dokotala. Lero amaimba ndithu, ndipo anthu amayamikira. Koma munthu mmodzi amene anapempha nyimbo ija sanaimve, ndipo zimenezi zimamuwawa mpaka pano.

Abale anga, ambirife sitikudwala kufooka ayi. Tikudwala kugwiritsa. Tagwiritsa udindo, tagwiritsa dzina, mpaka mtima wamangika ngati khosi la mayi uja. Mulungu akafuna kutimasula amayamba watifooketsa, kutikhazika chete pakanthawi wina akuimba pamalo pathu. Zimawawa, sindikunamizani. Koma lolani akufooketseni lero, amene akudikira mawu anu akadali ndi makutu omvera.