Phala la Mwatitha

Kalekale, anyani asanayambe kuopa anthu, padali mudzi wina m'tsinde mwa phiri. M'mudzimo munkakhala mayi wamasiye, dzina lake Nangozo. Mwamuna wake adamusiyira ana awiri ndi munda, komanso kagalu koonda kotchedwa Mwatitha.

Chaka ndi chaka anyani ankatsika m'phiri n'kukolola mundawo mwini wake akuona. Tsiku lina adabwera mlongo wake, a Chidzanja, mwini mbumba, mlenje wa agalu anayi.

"Mlongo wanga," adatero a Chidzanja, "nkhokwe ikakhalanso yopanda kanthu chaka chino, anawa ndiwagawa. Wina kwa ine, wina kwa abale a kutsidya."

Mtima wa Nangozo udawawa koopsa. "Achimwene, ana anga si nyama ya pa uzimba yoti muigawe. Mundawu ndiulondera ndi Mwatitha."

"Ndiye tsata lamulo la alenje. Galuyo um'mange masiku atatu osadya, kenako umunyambititse tsabola. Galu wokhuta ndi mtsamiro. Njala ndiyo imanola mano."

Nangozo adayang'ana nthiti za kagalu kaja. Zinkawerengeka. Munthu wanjala sanyamula khasu, nanga galu wanjala angaime bwanji pamaso pa nyani? Mumtima adali atatsimikiza kale zochita.

M'mawa mwake adaphika phala la madeya. Adasinja mitu ya matemba n'kuthiramo. Adadikira lizizire, adaliika m'phale, pambali pake madzi oyera. M'mawa kuphika, kuziziritsa, kupatsa. Madzulo kuphika, kuziziritsa, kupatsa. Mafupa a nkhuku ankawakwirira kutali, poti amabaya pakhosi. Madeya atatha, adayamba kukonola chimanga cha eni kuti azimupatsa madeyawo. Manja adachita matuza, koma musi sadautule.

Kumtondo amayi ankamuseka. "Nangozo wapeza mwamuna wa miyendo inayi."

"Inde," ankayankha Nangozo, "ndipo sapita kumowa."

Mwatitha adakula. Chifuwa chidatambasuka, ubweya udayamba kunyezimira.

Chimanga chitakhwima, anyani adatsika dzuwa lili paliwombo. Adayambira m'munda wa a Chidzanja, womwe udachita malire ndi wa Nangozo. A Chidzanja adamasula agalu awo anayi, omwe adali atagona ndi njala masiku atatu. Agalu adalowa m'munda akuuwa. Kenako zii. Posakhalitsa kudamveka kukutu, kukutu. Agalu aja adali kugwetsa mapesi n'kumadya chimanga chachiwisi. Uku anyani, uku agalu, ngati paukwati.

"Gwira! Gwira!" adakuwa a Chidzanja. Koma wanjala alibe makutu.

Chinyani chachikulu chidalumpha malire kulowa kwa Nangozo, anzake pambuyo. Nangozo adagwira mpini n'kuima. Mwatitha adaima patsogolo pake. Nyani kumanja, Mwatitha kumanja. Nyani kumanzere, Mwatitha kumanzere. Chinyani chidamung'amba khutu, magazi chuchuchu, iye osabwerera. Adachiluma pantchafu, chidalira, ndipo gulu lonse lidathawira kuphiri.

Mawa lake anyani adabweranso. Adapeza Mwatitha atadya phala lake, ali chilili. Mkuja chimodzimodzi, mpaka tsiku lokolola.

Nkhokwe ya Nangozo idadzaza mpaka kudenga. Ali mkati moimata, adaona a Chidzanja akubwera pang'onopang'ono, atagwira dzanja kamwana kawo kakakazi. Adakhala pansi, maso kudothi.

"Mlongo wanga, kwathu kulibe kanthu. Uyu akhale kwa iwe mpaka masika a chaka chamawa."

Nangozo adapukuta manja n'kumukoka mwanayo. Ana ake awiri adamusendera malo pamphasa.

"Akhale, achimwene," adatero Nangozo. "Mawa mubwere nawonso agalu aja. Madeya alipo."

Nthano yanga yafika pachitsa, yathera pomwepa. Mlonda wako mudyetse, poti wanjala amalondera mimba yake yokha.