Mkamwini Amene Anavundikira Foni

Panali munthu wina amene anapita ku Joni kukagwira ntchito yosamalira maluwa. Mkazi wake anali atamwalira, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Mwandida, wa zaka zinayi, anatsala kumudzi m'manja mwa agogo ake, mayi a malemuwo. Munthuyu anali mkamwini wosunga mwambo. Zaka zonse za pachikamwini sanakhalepo mphasa imodzi ndi apongozi akewo, ndipo akakumana panjira, iye ankapatukira kutchire. Anthu ankamutama, koma iye ankadzitama kuposa anthuwo.

Patatha miyezi ingapo anatumiza kumudzi foni yoonerana nkhope, kuti Lamulungu lililonse aziona mwana wake.

Foniyo ikalira, apongozi ankaitsamiritsa pa mtondo pakati pa bwalo, iwo n'kukakhala kukhonde, cham'mbali, mwana ali pamiyendo. Nayenso mkamwini ankaimika yake pawindo n'kubwerera m'mbuyo mpaka kukhoma, chipewa chili m'manja. Tangoganizani, anthu olekanitsidwa kale ndi mayiko awiri, n'kumawonjezeranso mtunda wina mwadala! Pagalasi la foni mwanayo ankaoneka ngati nyerere, ndipo mawu a apongozi ankafika theka, ena atapita ndi mphepo.

"Muli bwanji kumeneko, amayi?"

"Tilipo, bambo. Koma kadiso ka mwanayu..."

Zotsalazo sanazimve. Nanga mkamwini n'kuuza apongozi kuti bwerezani? Anangowomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, amayi." Zinatero masabata atatu.

Lamulungu lina m'nyengo yachisanu, munthuyu anaona zachilendo. Apongozi anadzuka pakhonde, mwana ali m'manja, n'kuyamba kuyenda molunjika foni. Anabwera, anabwerabe. Kenako nkhope yawo inadzaza galasi lonse: makwinya, imvi zotulukira kunsi kwa duku, maso ofiira akumuyang'ana iye mwachindunji. Chikwatire, anali asanaionepo nkhope imeneyo pafupi chotero.

Manyazi anamugwira, ndipo pamwamba pa manyaziwo panabwera mkwiyo. Anathamangira pawindo n'kuivundikira foniyo chafufumimba.

"Bambo, taonani kuno," anatero mawu ochokera pansi pa foni. "Bambo a Mwandida?"

"Netiweki ikuvuta, amayi," iye ananama, n'kudula.

Tsiku lomwelo anadandaulira mnzake wogona naye chipinda chimodzi kuti ukalamba ndi woipa, umalanda munthu ngakhale ulemu. Mnzakeyo anavomereza, ndipo munthu uja mtima unakhala pansi. Anadziona ngati waphimba maliseche a kholo.

Koma apongozi sanali mwana. Anadziwa kuti netiweki siivundikira foni. Sabata yotsatira mtondo unasunthidwa kufika pafupi ndi khola la mbuzi, ndipo iwo anakhala chofulatira. Atafunsidwa za moyo, anayankha mokweza, momveka bwino, kuti, "Tonse tili bwino, bambo." Mkamwini anasangalala kuti mwambo wabwerera m'malo mwake.

Pa Khirisimasi anafika kumudzi ndi chikwama chodzaza madiresi ndi nsapato zowala. Anaima pabwalo n'kuitana mwana wake. Mwandida anatuluka m'nyumba akupapasa khoma. Diso lake lamanja linali loyera ngati mkaka, lamanzere likutsatira. Anayenda motsata mawu mpaka anagunda maondo a bambo ake. Bamboyo atagwada, mwanayo anawagwira makutu onse awiri n'kukokera nkhope yawo pa yake, mphuno kugundana, kuti awaone ndi kadiso kotsalako.

"Ndinu ababa?" anafunsa.

Kuchipatala cha paboma dokotala anamuyeza mwanayo, n'kufunsa kuti zinayamba liti. Atamva, anapukusa mutu. Anati akanabwera naye nthawi yachisanu ija, diso limodzi likanapulumuka ndithu, mwinanso onse awiri.

Atabwerako, munthu uja anaiwala mwambo wake wonse. Anapita mpaka pakhonde pamene apongozi anakhala, n'kuwafunsa mokalipa chifukwa chimene sanamuuzire. Mayiwo sanamuyang'ane. Anayankha nkhope ili kumbali, monga mwa masiku onse.

"Ndinanena katatu, bambo, inu munkangothokoza. Kuchipatala chathu chaching'onochi anandipatsa mankhwala odontheza, osathandiza. Ndinati mwina mukaona ndi maso anu mudzabwera, tipite naye kutali. Ndinavula ulemu wanga pamaso panu, ine mayi wamkulu, kuti ndikuonetseni diso la mwana wanu. Inu munandivundikira ngati mbale ya ndiwo zowola."

Munthuyo anakhala pansi pomwepo, pamphasa ya apongozi ake, ndipo palibe amene anamuuza kuti asunthe.

Inu amene mukundimva, musanamizire foni, musanamizirenso mwambo. Ulemu ndi wabwino, ndipo aliyense ali ndi malo ake oyenera kuima. Koma akulu anati manyazi anapha lambe. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akukupatsani mpata, tsiku lina akadzakuyandikirani mpaka nkhope yake kukudzazani m'maso, musathamangire kumuphunzitsa khalidwe. Khalidwelo akulidziwa kuposa inu. Yambani mwafunsa chimene chamudzutsa pakhonde.