Chilolezo Chimene Chinatsala m'Dzina la Malemu

Panali munthu wina amene ankayang'anira kampani yogawa mankhwala m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Anali bwana wa tayi ndi nsapato zowala, ndipo akalowa mu ofesi antchito ankaimirira. Koma za makompyuta sankazidziwa, ndipo sankafuna kuti wina adziwe kuti sazidziwa.

Chaka china analemba ntchito mayi Nasimango, katswiri wokonza mawebusayiti, kuti aike kaundula wa kampani pa intaneti: mankhwala akuti, a gulu lakuti, apita ku chipatala chakuti. Mayiyo anagwiritsa ntchito pulogalamu ya eni ake akunja. Bwana anali pa changu. Choncho mayiyo analembetsa chilolezo chogwiritsira ntchito pulogalamuyo m'dzina lake ndi pa nambala ya foni yake, poganiza kuti adzasintha ntchito ikatha. Kaundula watsopano atayamba kugwira, bwana analamula kuti mabuku akale olemba pamanja atenthedwe, chifukwa ankadzaza chipinda.

Mayi Nasimango anabwera ndi pepala.

"Bwana, pulogalamuyi sitinagule ngati mmene timagulira tebulo. Tangololedwa kuigwiritsa ntchito chaka chimodzi, ndipo chilolezocho chili m'dzina langa. Werengani apa, musaine, chikhale cha kampani."

Bwana anayang'ana pepalalo. Mawu ake anali achilendo, ndipo mlembi wa mu ofesi yake anali pomwepo akumvetsera.

"Mayi, ndinakulembani ntchito kuti muzindipatsa ine ntchito? Zimenezo ndi za inu a makompyuta."

Analiponya m'dirowa. Mayiyo anabweranso kawiri, ndipo kawiri konse anauzidwa kuti bwana ali pa msonkhano.

Mvula isanagwe, mayi Nasimango anamwalira pa ngozi ya minibasi. Bwana anapita kumaliro ndipo analankhula bwino. Foni ya malemu anatenga achibale. Simu khadi anaitaya, ndipo patapita miyezi nambala ija inapatsidwa kwa munthu wina.

Chaka chinakwana. Lolemba lina m'mawa kaundula anakana kutseguka. Antchito anathamangira kwa bwana, koma iye anati ndi netiweki chabe, zitseguka zokha. Anatero masabata awiri.

Kenaka kunabwera kalata yochokera kwa opanga mankhwala. Gulu lina la mankhwala a chifuwa a ana linali loipa, lowononga impso. Mabotolo onse abwezedwe msanga. Kampaniyo inali itagawa mabotolo mazana atatu a gulu limenelo. Koma kuti anapita ku zipatala ziti, palibe ankadziwa. Mabuku anali phulusa, kaundula anali wotseka, ndipo zipatala zambiri zinali kumene foni sigwira.

Bwana atawalembera, eni pulogalamu anayankha mwaulemu kuti chilolezo chinatha. Anati atumiza manambala asanu ndi limodzi ku foni ya mwini chilolezo. Bwana akawalemba pa kompyuta, kaundula atseguka. Njira ina ndi ya makalata ndi umboni, ya masabata atatu.

Bwana anaimba nambala ya malemu. Anayankha mwamuna wina, kumbuyo kukumveka phokoso la chigayo.

"Bambo, pafoni yanu pabwera manambala asanu ndi limodzi. Chonde mundiwerengere."

"Ndinu ndani?"

"Ndine mkulu wa kampani ya mankhwala. Nambala yanuyi inali ya malemu wantchito wathu."

"Eee, achimwene! Dzulo munali abusa, lero mwakhala mkulu wa kampani? Pa wailesi anatiuza kale: manambala obwera pafoni osapatsa munthu. Kaberani ena."

"Bambo, ana afa!"

"Nonse mumatero."

Mwamunayo anadula foni. Bwana anaimbanso, ndipo foni inali yozimitsa.

Pamenepo anatsegula dirowa ija. Pepala linali momwemo, pansi pa makalendala akale. Analiwerenga lonse mphindi zisanu zisanathe. Mawu ovuta mayi Nasimango anali atawamasulira m'mbali ndi pensulo, ndipo pa mzere wosainapo anali ataikapo kamtanda. Bwana anaganiza za namwino wina, kwina kumene iye sankakudziwa, akuthira mankhwala m'supuni.

Inu amene mwapatsidwa udindo, mvetsani. Wa kuchigayo uja sanalakwe. Anamva lamulo limodzi, nalisunga. Amene analakwa ndi wophunzira, amene anaopa kufunsa pamaso pa mlembi wake. Mukalemba munthu ntchito yokumangirani zimene inu simuzidziwa, mufunseni zitatu: ichi tagula kapena tangololedwa? Chili m'dzina la yani? Chitha liti? Ngati simunamve, nenani kuti simunamve, ngakhale antchito anu onse ali pomwepo. Manyazi amenewo amatha tsiku lomwelo. Ndipo lero lino, musanadye, tsegulani dirowa yanu muone chimene chikudikira dzina lanu.