Nungu, Kamba ndi Mwana wa M'chikuta

M'chaka china cha njala, Mayi Nungu ndi Mayi Kamba anasemphana maganizo chifukwa cha Nyani. Awiriwa anali amayi a mpingo umene unkasonkhana patsinde pa mkuyu, m'mphepete mwa dambo. Amayi a mpingowo anali ndi mwambo wawo: aliyense akamaphika ankatapa ufa wodzaza dzanja n'kuusunga padera, ndipo Lamulungu ankakauthira mumtsuko waukulu wothandizira ovutika. Wosunga mtsukowo anali Nungu, amene sankakhulupirira mawu a aliyense msanga.

Kukayika kwakeko kunali ndi chifukwa. Chaka cham'mbuyo mwake Nyani anabwera akulira kuti amayi ake ali kayakaya, ndipo anapatsidwa ufa wodzaza lichero. Patangopita masiku awiri anapezeka ataledzera pamowa, amayi akewo akupalira kumunda bwinobwino. Kuyambira pamenepo Nungu anaika lamulo loti wanjala aliyense azidyera phala pakhomo pomwepo iye akuona, ufa usamachoke. Lamulolo linathandizadi, chifukwa chimanga chinafika pomasula mumtsuko mudakali kanthu.

Tsiku lina m'mawa Nyani anatulukira, nthiti zikuonekera, nakhala pansi chapatali n'kuwomba m'manja. Anafotokoza kuti mkazi wake wachira dzana kuphiri, koma alibe mkaka chifukwa sanadye kanthu, ndipo khanda likungolira. Nungu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumchira, minga yake itaima pang'ono.

"Chaka chatha anali amayi anu, chaka chino ndi akazi anu," anatero Nungu. "Abwere adzadye pano."

"Amayi, ali m'chikuta," anayankha Nyani. "Mchombo sunagwe. Inu nomwe mukudziwa kuti sangatuluke."

Nungu ankaudziwadi mwambowo, woti mayi ndi khanda lake satuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Koma zimenezi n'zimene zinamukayikitsa kwambiri. Mumtima anati wabodza akafuna wodwala amasankha wodwala amene sangaonekere pagulu. Anamuikira phala m'mbale, ndipo Nyani atapempha kuti alinyamule, Nungu anakana. Nyani analiyang'ana phalalo nthawi yaitali, kenaka anadzuka osalilawa.

"Mwaona?" Nungu anauza Kamba, amene anali khale pambali. "Wanjala weniweni sasiya phala."

Kamba, amene mtima wake unali wofewa kuposa chigoba chake, anati mwina mwamunayo zamuvuta kumeza pamene mkazi wake ali ndi njala. Nungu anayankha kuti ufawo si wake, ndi wa ana amasiye a malemu Gwape ndi nkhalamba zonse za m'dambomo, ndipo akaupereka kwa chidakwa, adzawauza chiyani iwowo mwezi wamawa? Kamba anavomera kuti mfundoyo ndi yomveka. Koma anawonjezera mawu ena.

"Ngati mukukayika, anzanga, pitani mukaone. Chikuta chimaletsa amuna, sichiletsa ife ntchembere."

Nungu anapukusa mutu. Kuphiri kunali kutali, ulendo wa theka la tsiku, ndipo anaganiza kuti mwina n'zimene Nyani akufuna: kuti iye achoke pakhomo, anzake abwere adzakokolole mtsuko. Kamba sanatsutsenso. M'mawa mwake anamanga kaufa kake ka m'nyumba patsamba la nthochi, nauyamba ulendo wa kuphiri ndi kayendedwe kake kapang'onopang'ono.

Tsiku lomwelo Nyani anabweranso, nati khanda lasiya kulira. Nungu anati ngati lasiya kulira ndiye kuti lakhuta, ndipo nkhani ya dzulo ndi ya lero sizikugwirizana. Nyani anangotembenuka n'kubwerera kuphiri.

Tsiku lachitatu Nyani sanabwere, ndipo kusabwerako kunamusowetsa mtendere Nungu. Iye ankadziwa kuti wabodza satopa msanga, amabwera ndi bodza lina. Anayesa kupemphera monga mwa masiku onse, koma pofika popempha Mulungu kuti aone zosowa zake, anadzuka osamaliza pempherolo. Anatapa ufa, namata pakamwa pa mtsuko ndi dothi kuti akadzabwera adzadziwe ngati wina watsegula, nanyamuka. Ngakhale panjira ankadziuza kuti akupita kukagwira bodza.

Patsinde pa phiri anapeza Kamba akukwawa, mapazi atang'ambika, kaufa kaja kali pamsana. Nungu sakanatha kumubereka chifukwa cha minga, choncho anangomudutsa, maso ali pansi. Kamba anangomuuza kuti afulumire.

Pakhomo pa phanga anapeza Nyani atakhala panja, mutu uli m'manja, popeza mwamuna salowa m'chikuta. Nungu analowa, maso akuyendayenda m'ngodya zonse kufunafuna ufa wobisidwa kapena chipanda cha mowa. Munalibe kanthu, ngakhale phulusa lofunda. Pamphasa panali mkazi wa Nyani, milomo itauma, atafungatira khanda limene linali litazizira kale kuyambira m'bandakucha.

Nungu anatula ufa uja pansi. Kenaka anakoleza moto, naphika phala lamadzimadzi, n'kumamwetsa mayiyo pang'onopang'ono atamuchirikiza mutu. Mayiyo sanafunse chifukwa chake wachedwa. Anangothokoza ndi mawu apansipansi, ndipo kuthokozako kunamupweteka Nungu kuposa mwano.

Dzuwa litapendeka Kamba anafika. Khanda lomwalira m'chikuta limaikidwa ndi amayi okhaokha, mopanda kulira mokweza, ndipo paphiri lonselo amayi anali awiri okhawo. Kamba analikulunga m'masamba. Wodziwa kukumba anali Nungu, ndipo anakumba kadzenje kosaya patsinde pa msuku, ndi zikhadabo zomwe zinamata mtsuko m'mawa uja.

Pobwerera anapeza Nyani adakali pomwe paja. Iye sanadzutse mutu.

"Khomo lija ndinadzitsekera ndekha chaka chatha, amayi," anatero.

"Munanamadi, ndipo sindikufafaniza," anayankha Nungu. "Koma amene anali ndi njala si inu nokha. Ine ndinali ndi miyendo masiku atatu onsewa."

Nungu anakhala kuphiriko mpaka mkazi wa Nyani atayamba kuyenda yekha. Mayiyo anapulumuka, koma anatuluka m'chikuta manja ali lende. Mtsuko wa mpingo Nungu anapitiriza kuusunga ndi kuusamala monga kale, koma sanathenso kudutsa pansi pa mtengo wa msuku uliwonse osaimirira.

Phunziro: Mkhristu saletsedwa kusamala, pakuti zimene wasungitsidwa ndi za ovutika ambiri, ndipo wonama amawononganso thandizo la a m'nyumba mwake. Koma kukayika kongokhala pansi kumapha wosalakwa. Ukakayikira wopempha, dzuka ukaone lero lomwe, thandizo lili m'manja, chifukwa Khristu anatilamula kudyetsa anjala, ndipo njala siidikira kuti titsimikize.