Mayi Amene Anaopa Kutsitsa Mwana

Panali mayi wina amene ankakhala kumapeto kwa mudzi. Kuseri kwa nyumba yake kunali dzenje lalikulu lomwe oumba njerwa analisiya osakwirira. Chaka china mvula itagwa, dzenjelo linadzaza madzi. Mwana wake woyamba, wa zaka ziwiri, anatsatira abakha mpaka m'mphepete, n'kugweramo, n'kumira. Abale anga, mayi ameneyu analira mpaka mawu kutha.

Patapita nthawi Mulungu anamupatsa mwana wina wamwamuna, dzina lake Lonjezo. Mayiyo analumbira mumtima kuti, "Uyu yekha pabwalo sadzapondapo."

Ndipo sanapondedi. Kumunda, ali kumbuyo. Kumjigo, ali kumbuyo. Kuchigayo, ali kumbuyo. Akamutsitsa, ankamukhazika pamphasa m'nyumba, chitseko n'kutseka. Anzake obadwa nawo mwezi umodzi anayamba kuthamangitsa nkhuku ndi kuumba ng'ombe zadothi. Dzuwa likafika pamutu ankagona tulo tofa nato pamthunzi, miyendo ili mbuu ndi fumbi. Lonjezo anali waukhondo ndithu, wopanda ngakhale kachipsera. Koma chakudya ankangochiseweretsa, ndipo masana tulo sitinkabwera. Nanga thupi losatopa ligona bwanji? Ankangokhalira kunyinyirika.

Tsiku lina ana akusewera chibisalirano pabwalo, Lonjezo anayamba kuphiriphitha kumbuyo, manja atalozetsa kwa anzake. "Amama, pansi! Pansi!"

Mlamu wake wa mayiyo, amene ankapeta chimanga chapafupi, anati, "Alamu, tamutsitsani mwanayo. Ine ndimuyang'anira."

Mayi uja anagwira mfundo ya chitenje. Anatsala pang'ono kumasula. Kenako maso ake anagwera padzenje paja, mantha anamugwira, ndipo anamangitsa mfundoyo kuposa kale. Mwana analira kwambiri tsiku limenelo. Mawa lake analira pang'ono. Kenako anasiya kupempha.

Lonjezo atakwanitsa zaka zitatu, alangizi a zaumoyo kusikelo anamuimika pansi kuti ayende. Anaponya mapazi atatu, n'kukhala pansi. Alangiziwo anati, "Mayi, mwanayu sakudwala ayi. Musiyeni azisewera, atope, adye, agone."

Atabwerera kunyumba, mayi uja analimba mtima. Anamasula chitenje, n'kumuimika Lonjezo pakati pa anzake. "Pita, mwanangu, kasewere."

Lonjezo anawayang'ana ana aja ngati alendo. Mpira wachikulunga unagubuduka n'kumukhudza phazi, iye anakuwa ndi mantha. Anadzikokera kumbuyo kwa amayi ake, n'kugwira chitenje mwamphamvu. "Ndiberekeni," anatero.

Mayi uja anangokhala pansi pafumbi pomwepo, misozi ili chuchuchu. Atatukula maso anaona dzenje lija. Linali pomwepo, madzi ali obiriwira, monga linalili zaka zisanu zapitazo. Khasu anali nalo m'nyumba. Azilamu ake akanamuthandiza. Inali ntchito ya masiku awiri basi, koma sanaiganizeko n'kamodzi komwe.

Abale ndi alongo, tamvani. Mayi ameneyu sanali woipa. Ankamukonda mwana wake kwambiri, koma analola mantha kuti amulerere mwanayo. Mulungu anapatsa mwana miyendo kuti azithamanga, ndi tulo kuti azipuma akatopa, ndipo anatipatsa ife manja kuti tizichotsa zoopsa panjira yake. Ambirife tili ndi dzenje kuseri kwa nyumba, pamene tinataya chinthu chomwe tinkachikonda. Sitinapite nalo kwa Ambuye. Timangolizungulira, n'kumamangirira kumsana chilichonse chimene Mulungu watipatsanso, kaya ndi mwana, banja kapena mphatso ya utumiki.

Tengani chisoni chanu mupite nacho kwa Mulungu. Kwirirani dzenjelo. Ndipo mwana mutsitseni lero, adakali kukupemphani kuti atsike.