Basela wa pa Msomali

Panali munthu wina, mmisiri wodzazanso zipolopolo. Alenje ankamubweretsera makoko amkuwa amene aombera kale, iye n'kuthiramo onga, n'kukhomerapo mutu watsopano. Luso lonse linali pa kuya kwa mutuwo. Ukatuluka kwambiri, mfuti imakana kutseka. Ukalowa kwambiri, mfuti ikhoza kukuphulikira m'manja. Ndipo mfuti iliyonse ili ndi kukhosi kwakekwake.

Choncho mfuti ikabwera koyamba, ankaipangira chipolopolo cha muyeso: khoko ndi mutu, koma m'kati mopanda onga. Ankachimanga kaulusi n'kuchipachika pa msomali, pansi pake n'kulemba ndi khala dzina la mwini mfuti. Zipolopolo zonse za munthuyo ankaziyerekeza ndi chimenecho. Mlenje akamwalira, muyeso wake sunkachotsedwa. Mmisiri ankangoutembenuza, mutu kuloza pansi. Khoma lonse linali mayina ndi zipolopolo, zina zoloza kudenga, zina zoloza kudothi.

M'mawa wina kunabwera mlenje wodziwika ndi kunenerera mitengo. Njati yovulala inali itabisala m'bango la kudambo, ndipo amayi anali atasiya kukathirira madimba. Mlenjeyo anagula zipolopolo zinayi, atanenerera mpaka malovu kuuma. Kenako anatambasula dzanja.

"Basela, achimwene."

"Ameneyu si tomato," anatero mmisiri.

"Ngakhale wa mabokosi a maliro amakuikirako misomali."

"Mukadzafuna bokosi tidzakambirana."

Mmisiri anatembenuka kukafuna pepala lokulungira. Maso a mlenje anagwera pakhoma. Pamwamba pa dzina lake panalendewera chipolopolo chonyezimira kuposa zinayi zija, poti zala zinali zitachipukuta zaka zambiri. Mumtima anati, zabwino amasungira khoma, ife n'kumatipatsa zakuda. Anadula kaulusi kaja n'kuponya chipolopolocho m'thumba. Ndipo poti chinali chokongola, anachipatsa malo aulemu: chikhale chomaliza, chodzamupulumutsa zinazo zikalephera.

Dzuwa lili paliwombo, mmisiri anakweza maso n'kuona msomali uli wokha. Anakhoma chitseko ndi loko, kiyi m'thumba, liwiro ulendo wa kwa mlenje. Anapeza mkazi wake akuyanika chinangwa.

"Apita kalekale, bambo. Ati lero tidya nyama."

Mmisiri ali chiimire pabwalo pomwepo, mfuti inalira kudambo. Inaliranso. Kachitatu. Kachinayi mofulumira, ngati munthu wothamangitsidwa.

Mayi uja anaima ndi lichero m'manja, akumwetulira, kudikira kachisanu. Mmisiri nayenso anadikira, ngakhale ankadziwa kuti chachisanucho chinalibe onga. Kunali zii. Ngakhale njiwa zinaleka kulira.

Mmisiri anatembenuka. Anabwerera kwake pang'onopang'ono. Loko anali monga anamusiyira. Anatsekula n'kulowa.

Msomali uja sunali wokha. Chipolopolo chinali chitabwerera pamalo pake, chonyowa, matope akuda a m'bango akudontha pa dzina la mwini wake. Kaulusi kanali kolumikizidwa ndi mfundo imene mmisiriyo samanga. Mutu unaloza pansi.

Patapita nthawi ndithu m'pamene kulira kwa amayi kunayamba kumveka kuchokera kudambo.

Inu mukundimveranu, ine ndakalambira pamsika, ndipo basela ndimamukonda kuposa nonsenu. Sindikuti musiye kupempha. Koma wogulitsa akakumanani chinthu chimene chili poyera, funsani chifukwa dzanja lisananyamuke. Zinthu zina anazipachika kuti tiziyezerapo, osati kuti tiziponye m'thumba, ndipo zimanyezimira chifukwa sizinagwirepo ntchito imene inu mukuzifunira. Aliyense wa inu ali ndi chimene wasunga kuti chidzakhale chomaliza, kaya ndi mnzanu, kaya ndi lonjezo la munthu. Chitulutseni lero, njati isanadzuke. Chigwedezeni pakhutu, mumve ngati muli kanthu m'kati.